Msewu wa kwanu, mwini wake ndani?

Dzinja lililonse nkhani imakhala yomweyo. Lole yonyamula mbatesi yatitimira m'matope, mlatho wakokoloka, akabaza akweza mtengo, ndipo anthu akufunafuna woti amuloze chala. Ena amathamangira kwa khansala, ena kwa phungu, ena amaguba ulendo wa kwa DC atanyamula chikalata cha madandaulo. Kawirikawiri munthu amene apanikizidwayo amakhala kuti alibe mphamvu iliyonse pa msewu umene wautsa mkwiyowo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka m'minibasi, pamaliro ndi pamisonkhano ya chitukuko.

Kodi si khonsolo imene inapatsidwa udindo wotukula dera lathu? Nanga imakaniranji za msewu?

Udindowo ulipodi, ndipo ndi wolembedwa. Gawo 146 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa maboma ang'ono ntchito yolimbikitsa zomangamanga ndi chuma m'madera mwawo, polemba ndi kukwaniritsa mapulani a chitukuko komanso kulimbikitsa malonda. M'chaka cha 1998 kunabwera lamulo la maboma ang'ono pamodzi ndi ndondomeko ija timaitcha mphamvu ku anthu. Kuyambira pamenepo makhonsolo, amene alipo 35 tikaphatikiza a maboma 28 ndi a m'mizinda ndi m'matauni, ndiwo ayenera kutsogolera zotukula dera: kumanga misika ndi madepoti, kupereka ziphaso za malonda, kukonza malo oti anthu amangepo.

Koma misewu ili ndi malamulo akeake. Inagawidwa m'magulu, gulu lililonse ndi woliyang'anira wake, ndipo khonsolo inatsala ndi magulu a pansi. Choncho DC akanena kuti "umenewo si wathu", si nthawi zonse pamene akuzemba. Nthawi zina akunena zoona, kungoti ndi zoona zosatonthoza munthu amene tomato wake akuwolera m'dengu.

Ndingadziwe bwanji kuti msewu uwu ndi wa yani?

Yang'anani chilembo chimene chili kutsogolo kwa nambala yake. Misewu ya M ndiyo ikuluikulu: M1 wochokera ku Songwe m'boma la Karonga mpaka ku Marka ku Nsanje, M5 wodutsa m'mbali mwa nyanja, M12 wa ku Mchinji. Pansi pake pali ya S, kenako ya T, imene imalumikiza maboma ndi malo ochitira malonda ku misewu ikuluikuluyo. Magulu atatu amenewa ali m'manja mwa Roads Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006 ndipo limayankha ku unduna wa zamtengatenga. Misewu ya D, misewu ya m'kati mwa mizinda, ndi tinjira ta m'midzi ndiyo ya makhonsolo.

Misewu yolembedwa m'kaundula m'dziko muno imapitirira pang'ono makilomita 15,000, ndipo ya phula siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Kupatula imeneyo pali makilomita ena zikwizikwi a misewu yopanda nambala, yambiri mwa iyo anthu anaipala okha ndi makasu. Chodabwitsa n'chakuti feteleza amalowera mmenemo, chimanga ndi soya zimatulukira mmenemo, mayi woyembekezera amanyamulidwa panjinga kudzera mmenemo. Misewu imene chuma cha mudzi chatsamirapo ndi yomweyo imene inasiyidwa kwa amene thumba lake ndi laling'ono kuposa onse.

Tikulipira msonkho pa mafuta, tikulipiranso pazipata za Chingeni ndi Kalinyeke. Ndalama zimenezi zimapita kuti?

Sizipita mwachindunji ku khonsolo kapena ku Roads Authority. Kale kunali bungwe limodzi, National Roads Authority, limene linkasunga ndalama n'kumalembanso lokha makontilakitala. Mu 2006 analigawa pawiri ndi cholinga choti wosunga chikwama akhale wina, wogwira ntchito akhale wina. Wosunga chikwamayo ndi Roads Fund Administration. Ndiye amene amalandira kagawo ka mtengo wa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, ndalama zimene mathiraki akunja amalipira polowa m'dziko, ndi za pazipata. Chipata cha Chingeni chinayamba kulipiritsa mu November 2021, cha Kalinyeke ku Dedza mu January 2022. Chipata chikhale m'boma lanu, ndalama zake zimalowa m'thumba la dziko lonse; khonsolo ya Dedza siitapako pa Kalinyeke monga imatapira pa tikiti ya pamsika.

Thumba limeneli kwenikweni ndi losamalira misewu imene ilipo kale: kukwirira maenje, kuchotsa mchenga m'ngalande, kutchetcha m'mbali. Nalonso limaphwa. M'zaka za 2023 ndi 2024, mtengo wa mafuta papampu utagwiridwa pansi pa mtengo woitanitsira, msonkho wa misewu sunkafika mokwanira, ndipo aliyense woyenda pa M1 anazimva m'chiuno.

Misewu yatsopano ikuluikulu imadalira bajeti ya dziko, ngongole ndi thandizo lakunja. Wa Karonga–Chitipa unamangidwa ndi ndalama za China. Kukulitsa Masauko Chipembere Highway ku Blantyre anathandiza ndi a Japan. Kukonzanso M1 kuchokera ku bwalo la ndege la Kamuzu kulowera kumpoto kukudalira European Investment Bank ndi European Union. Mapangano onsewa amasainidwa ku Capital Hill, ndipo palibe khansala amene amaitanidwa kudzagwira cholembera.

Nanga khonsoloyo ili ndi chiyani? Tikiti ya pamsika, ziphaso za malonda, za padepoti, msonkho wa nyumba m'mizinda, ndi zimene likulu latumiza. Ndondomeko ya 1998 inati makhonsolo azilandira magawo osachepera 5 pa 100 alionse a ndalama za dziko kuti achitire chitukuko, koma bungwe la makhonsolo la MALGA lakhala likudandaula kwa zaka zambiri kuti zimenezi sizikwaniritsidwa. Kilomita imodzi ya phula imadya mamiliyoni mazanamazana a makwacha. Werengani nokha kuti pangafunike matikiti angati a amayi ogulitsa bonongwe.

Khonsolo yathu ikaona kuti msewu wakutiwakuti ndiwo ungatsegule malonda, ingalamule Roads Authority kuti iumange?

Ayi. Ingapemphe, ingakumbutse, ingachite phokoso, koma kulamula ayi.

Njira yake papepala ndi yooneka bwino. Anthu amakambirana m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, imene imakhala pansi pa gulupu. Zofuna zawo zimakwera kupita ku ADC, ya dera la mfumu yaikulu. Kuchoka apo zimafika ku khonsolo, kumene akatswiri a m'maofesi amazisefa n'kuziika m'pulani ya chitukuko cha bomalo, makhansala n'kuvomereza. Ngati chimene chafunika ndi kamlatho kapena kupala msewu wa D, nkhani ingathere pomwepo, ndalama zikapezeka. Koma ngati ndi phula pa msewu wa S kapena T, pulaniyo imasanduka pempho chabe. Liyenera kulowa m'mapulani a unduna wa zamtengatenga, lidutse ku unduna wa zachuma, lipeze malo m'bajeti imene Nyumba ya Malamulo idzavomereze. Pa sitepe iliyonse likulimbirana malo ndi mapempho a maboma ena 27, ndipo si chinsinsi kuti chaka cha chisankho chimakhala ndi masamu akeake.

Anthu a ku Neno amazidziwa bwino zimenezi. Dera lawo ndi la Tsangano limatulutsa mbatesi, tirigu ndi zipatso, ndipo msewu wa Tsangano–Neno–Mwanza wakhala ukutchulidwa pamisonkhano ya andale a zipani zosiyanasiyana kwa zaka zambiri. Palibe amene amatsutsa kuti ndi wofunika. Khonsolo ya Neno siyenera kuuzidwa ndi munthu kuti chuma cha bomalo chatsamira pa msewu umenewu. Chimene ilibe ndi mphamvu yonena kuti ntchito iyambe liti, ichitidwe ndi yani, ithe liti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwala wa maziko ndi fodya wa pachala.

Nanga phungu? Paja ankalonjeza phula pa kampeni.

Phungu alibe msewu. Ntchito yake ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kufunsa nduna mafunso, ndipo phungu wakhama angathandizedi kuti msewu wa kwawo usaiwalike m'bajetimo. Kupitirira apo ndi malonjezo.

Chimene chinasokoneza anthu ndi thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, limene linayamba mu 2006. Ndalama zake zimadutsa ku khonsolo, koma kwa zaka zambiri phungu ndiye ankaloza poti zigwere, mpaka anthu anazolowera kunena kuti "mlatho uwu anatimangira ndi onolebo". Zinafika pamenepa chifukwa kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo mu 2010 lamulo linasinthidwa kuti aphungu azivota m'khonsolo komanso kuti nduna ndiyo izisankha ma DC. Mphamvu ku anthu inabwezedwa m'mbuyo mwakachetechete. Mu May 2025, pa mlandu umene MALGA inakasuma, bwalo lalikulu linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo ndi kuyendetsa kwawo thumbali n'zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mkangano wa amene agwire chikwama chimenechi sunathere m'khoti, ndipo chifukwa chake aliyense akuchidziwa: mlatho wooneka ndi maso umabweretsa mavoti kuposa lamulo labwino.

M'mizinda zinthu zikusiyanako?

Pang'ono. Makhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ali ndi madipatimenti a mainjiniya, amatolera msonkho wa nyumba ndi malo, ndipo amapatsidwako ndalama zokonzera misewu ya m'mizinda. Koma msewu wa M ukalowa mumzinda suleka kukhala wa M. N'chifukwa chake mumatha kuona dzenje likukula pamphambano kwa miyezi, wina akuti phula ndi la Roads Authority, wina akuti madzi amene akuliwononga akuchokera m'ngalande ya khonsolo. Mapanga awiri avumbwitsa. Zimaonjezekanso a madzi kapena a mafoni akakumba msewu kuti adutsitse mapaipi ndi mawaya, n'kuukwirira ndi dothi.

Ntchito zikuluzikulu za m'mizinda, monga mphambano yodutsana m'mwamba ya ku Area 18 ku Lilongwe, zinayendetsedwa ndi mabungwe a boma lalikulu. Khonsolo ya mzinda imatsala ndi magetsi a mumsewu, zinyalala, ndi mavenda amene amabwera msewu ukangotha.

Kodi m'dziko muno munakhalapo bungwe la chitukuko limene linali ndi mphamvu zenizeni pa misewu?

Linalipo, ndipo mzinda wa Lilongwe ndiwo umboni wake. Boma la Dr Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa Capital City Development Corporation mu 1968. Bungwe limeneli linapatsidwa malo, mphamvu yowagawa ndi kuwabwereketsa, mphamvu yokongola ndalama ndi yokopa amalonda, ndipo ngongole yoyambira inachokera ku South Africa. Linkatha kunena kuti apa pakhala maofesi, apa mafakitale, apa nyumba, ndipo msewu udutsa apa, likatero zinkachitikadi. Likulu linasamuka mu 1975, ndipo bungwelo linathetsedwa mu 1984, ntchito zake n'kugawidwa ku khonsolo ndi maunduna.

Kumidzi nakonso kunali zofanana. Lilongwe Land Development Programme, imene inayamba cha mu 1968 ndi ndalama za World Bank, sinkangophunzitsa ulimi. Inkapala misewu yopita kumisika, kukumba mijigo ndi kumanga malo ogulira mbewu, poti anaona kuti kukolola kopanda njira yotulutsira n'kungodzitopetsa.

Koma tisalire nazo kwambiri nthawi zimenezo. Liwiro lija linkatheka chifukwa panalibe wofunsa. Mabanja ambiri anasamutsidwa m'midzi ya makolo awo kuti mzinda umangidwe, ndipo m'dziko la chipani chimodzi munthu sankayerekeza kukana. Mzindawo unamangidwanso motalikirana, mokomera a galimoto, kotero kuti wantchito wa ku Area 25 mpaka lero amathera gawo lalikulu la malipiro ake m'minibasi. Chimene chinali chabwino m'bungwe lija n'chakuti pulani, malo ndi ndalama zinali pa tebulo limodzi. Chimene chinali choipa n'chakuti eni dera sankakhala nawo pa tebulolo.

Masiku ano timamva za MITC, za National Planning Commission ndi za mizinda yatsopano. Amenewa sangamange misewu?

Sangamange. MITC imakopa amalonda ndi kuwathandiza kupeza malo ndi ziphaso. National Planning Commission, imene inatsogolera kulemba masomphenya a Malawi 2063 amene anakhazikitsidwa mu January 2021, imalemba mapulani ndi kulondoloza. Pali pulani yotukula matauni 8 kuti akhale mizinda: Karonga, Nkhata Bay, Kasungu, Salima ndi Chipoka, Mangochi ndi Monkey Bay, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Ambiri mwa malowa anasankhidwa chifukwa pamakumana msewu, njanji kapena doko. Koma aliyense wa mabungwewa akafuna msewu wopita kumalo a mafakitale, amakaima pamzere womwewo umene paima khonsolo ya Neno.

Za njanji ndi madoko, khonsolo ili ndi mawu?

Ochepa zedi. Njanji za dziko lino zinaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways mu 1999 kuti iziyendetsa. Njanji yatsopano yodutsa ku Mwanza ndi Neno kukafika ku Nkaya m'boma la Balaka inamangidwa ndi kampani ya Vale ya ku Brazil, pofuna kutulutsa malasha a ku Moatize kupita kudoko la Nacala. Pangano lake linali la kampaniyo ndi boma lalikulu; makhonsolo anabwera pa nkhani ya malo ndi chipukuta misozi.

Doko la Nsanje likuonetsa kuti ngakhale Capital Hill ili ndi malire. Mu October 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira dokolo pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, koma chombo chimene chinkayembekezeka chinaimitsidwa ndi akuluakulu a ku Mozambique, amene ankati kafukufuku wa mtsinje wa Zambezi anali asanachitike. Anthu ena anali atagula kale malo ku Nsanje podikira mzinda wa padoko. Ngati boma lonse silinathe kulamula madzi a dziko la eni, khonsolo ya Nsanje ikanatani?

Ndiye kuti pa msewu waukulu khonsolo ndi yongoonerera?

Osati kwenikweni, ndipo apa m'pamene makhonsolo ambiri amagona pa mphamvu zimene ali nazo. Msewu umadutsa pa malo, ndipo nkhani za malo zimadutsa kwa DC ndi mafumu. Kuwerenga nyumba, mitengo ndi minda yoti iphwasulidwe, kutsimikizira mayina a olandira chipukuta misozi, kugwirizana za manda, kuloza pokumba dothi ndi miyala: zonsezi sizingayende popanda khonsolo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafunanso kuti ntchito yaikulu isanayambe pachitike kauniuni wa mmene ikhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo eni dera afunsidwe. Pamsonkhano umenewo m'pamene khonsolo yochenjera imanena kuti pamsika pakufunika poimika mathiraki, pasukulu pakufunika mabampu ndi powolokera ana, ngalande isalunjike m'minda ya anthu. Zikalowa m'mapulani kontilakitala asanasaine, zimachitika. Zikakumbukika phula litathiridwa kale, yankho limakhala lakuti mulibe m'pangano.

Palinso udindo woteteza malire a msewu. Pa msewu wa M, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati ndi a msewu. Khonsolo ikamalekerera anthu kumanga mashopu mmenemo, nthawi zina n'kumawadulira tikiti tsiku ndi tsiku, ikudzikumbira dzenje yokha. Tsiku lokulitsa msewu likafika, ndalama ndi miyezi zimathera m'mikangano. Aliyense amene anadutsapo pa Lizulu kapena pa Jenda tsiku la msika waona mmene msewu wa dziko lonse umasandukira kanjira.

Bwanji osangopereka misewu yonse ku makhonsolo?

M1 siingadulidwe zidutswazidutswa, Ntcheu n'kukonza chake, Dedza n'kusiya chake. Misewu ya M ndi S ikhale kumene ili. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anasonyezanso kuti milatho ikapita yambiri nthawi imodzi ku Mulanje, Phalombe ndi Chikwawa, palibe khonsolo imene ingadzuke yokha.

Maganizo anga ali pa misewu ya D ndi ya m'midzi. Imeneyi inaperekedwa kale ku makhonsolo, koma anapereka mbuzi n'kutsala ndi chingwe. Kagawo kodziwika ka ndalama za mafuta ndi za pazipata kayenera kumapita ku makhonsolo chaka chilichonse, kasanafike dzinja, mosadalira kuti bomalo linavotera yani. Khonsolo iliyonse ikhale ndi mainjiniya okwanira ndi makina opalira msewu oyenda, osati amene anamera udzu kuseri kwa ofesi.

Wotsutsa anganene kuti makhonsolo amadya ndalama, ndipo sakunama. Malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma akhala akutchula ndalama zosoweka umboni ndi milatho yolipiridwa koma yosatha. Koma katangale sanayambe wasankhapo ofesi, ndipo kulikulu amadya zokulirapo. Kusiyana kwake n'kwakuti wakuba wa pakhonsolo mumakumana naye kumsika ndi kumaliro. Njira yochepetsera vutoli inayesedwa kale: pulogalamu ya GESD, imene World Bank inayamba kuthandiza mu 2020, inakonzedwa kuti izipereka ndalama za chitukuko ku makhonsolo a maboma molingana ndi mmene akhozera pa kauniuni wa chaka ndi chaka. Wosunga bwino mabuku amalandira zochuluka. Za misewu zingayende chimodzimodzi.

Ine ndine mlimi chabe. Msewu wa kwathu ukaonongeka ndiyambire pati?

Yambani mwadziwa chilembo chake. Ofesi ya zomangamanga pakhonsolo ingakuuzeni. Ngati ndi wa D kapena wopanda nambala, nkhaniyo ndi ya khansala wanu: ilowe m'mabuku a VDC ndi ADC, ndipo funsani ngati ili m'pulani ndi m'bajeti ya khonsolo ya chaka chino. Ngati ndi wa M, S kapena T, lemberani Roads Authority kudzera kwa DC, phungu mum'patse kope kuti akafunse nduna m'Nyumba ya Malamulo.

Kontilakitala akafika, werengani chikwangwani chimene amazika poyambira ntchito. Pamalembedwa mwini ntchito, wopereka ndalama, kampani yomanga, woyang'anira ndi nthawi yomalizira. Chijambuleni pafoni, poti chimazimiririka ntchito ikayamba kuchedwa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo limakulolani kupempha kuti muone mtengo wa ntchitoyo ndi ndalama zimene zalipiridwa kale. Pemphani polemba kalata, musaine anthu angapo pamodzi ndi amfumu, ndipo kope lanu alidinde chidindo cha tsiku limene alandira. Chitani zimenezi m'chilimwe, mvula isanagwe.